Nsupa ya Tiyese Inaswekera Panjira

Ku Nthache anthu ankamudziwa Tiyese ndi makala. Amuna ake, a Jailosi, ndiwo ankawotcha kuphiri, iye n'kumasenza matumba kutsikira nawo kumsewu.

Mwana wake woyamba anabadwa bwinobwino. Wachiwiri nsupa inasweka masiku asanakwane, ndipo anangokhala ndi moyo maola awiri. Chaka chisanathe, Tiyese anaimanso.

Mimba ili ndi miyezi isanu, anayamba kumva kuwotcha pokodza, kumusi kukuyabwa. Kusikelo anamupatsa mankhwala, ake ndi a amuna ake. Iye anamwa. A Jailosi anatsomeka awo kudenga.

"Ine sindikudwala," anatero.

Patapita milungu itatu, kuyabwa kunayambiranso. Tiyese sanauze munthu.

Nsupa inasweka Lachinayi m'mawa, m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, ali panjira thumba lili pamutu. Sanamve kupweteka kulikonse. Anangoona madzi ofunda akuyenderera m'miyendo. Anatula thumba lija mosamala, n'kulitsamiritsa pamtengo kuti lisagwe, kenaka anakhala pansi mpaka kunatulukira wa njinga yamoto, amene anamutengera kuchipatala cha paboma.

"Mayi, zinakuchitikiranipo kale zoterezi?" namwino anafunsa.

"Eya."

"Mankhwala olembedwa m'buku lanu la kusikeloli munamaliza? Nanga abambo anamwa?"

Tiyese anangoyang'ana khoma. Namwino anafotokoza modekha kuti matenda akumusi akapanda kuchira amafooketsa nsupa, ndipo kwa mayi amene zinamuchitikirapo, makamaka akaima msanga, zimatha kubwereza. Tiyese ankangogwedeza mutu ngati akunena za mayi wina.

Mwana anabadwa patapita masiku awiri, wamkazi, wosakwana makilogalamu awiri. Atayamba kupuma yekha, anamumangirira pachifuwa pa mayi ake ndi chitenje kuti azifundidwa. Tiyese ankamumwetsa mkaka wofinyira m'kapu, nthawi yake osaphonya, koma nkhope sankamuyang'anitsitsa.

A Jailosi anabwera Lamlungu, ataphimba maso ndi chipewa.

"Timutche ndani?"

"Dikirani kaye."

Anadikira milungu isanu. Tsiku lotuluka, mlamu wake wa Tiyese ndiye anangoti mwanayo akhale Malita, ndipo palibe anatsutsa.

Pano Malita akuyenda. Tiyese amagulitsa mtedza pakhonde, mwana akusewera pafupi. Anzake akamuuza kuti anachita mwayi, iye amati, "Zoonadi," n'kupitiriza kusankha mtedza m'lichero.