Denga Limene Linakana Moto

A Khor Boon Teik anali mmisiri womanga nyumba za akufa mu George Town, m'kamsewu kopanikizana kumene fungo la lubani ndi la nsomba zouma silitha. Ankazimanga ndi nsungwi ndi mapepala: nyumba zosanja, zamakonde, zokhala ndi antchito awiri a masaya ofiira ataima pakhomo. Munthu akamwalira, abale ake ankabwera kudzaitanitsa, ndipo pakatha masabata asanu ndi awiri nyumbayo inkawotchedwa pabwalo la kachisi kuti mwini wake ailandire uko ali. Chimene moto wadya chimafika, chimene moto wasiya sichifika. Ngakhale mwana wa mumsewumo ankazidziwa zimenezi.

Nsungwi aliyense angapinde. Luso la a Khor linali paphala. Pepala palokha ndi lolobodoka, silingaime ngati khoma, choncho m'mawa uliwonse ankaphika ufa wa chinangwa mumphika wakuda umene anasiya bambo awo, n'kumatakasa mpaka phalalo litaleka kuyera n'kuyamba kunyezimira. Ankaliyesa ndi chala. Likadontha ngati madzi ndiye kuti silinapse, likakakamira ndiye kuti lapyola. Akapaka, ankayanika pamthunzi, chifukwa dzuwa limapinda pepala. Ndipo anali ndi lamulo limene ankalibwereza mpaka anthu kutopa nalo.

"Kupaka n'kawiri basi," ankatero. "Koyamba kuti liime, kachiwiri kuti likafike kukachisi. Kachitatu ndiye kuti wayamba ndewu ndi moto."

Sanali munthu woipa, koma kunena zoona anali ndi khutu limodzi lokha, lomvera makasitomala. Mkazi wawo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Gaik Lean, asanamere mano onse, ndipo amene analera mtsikanayo anali achemwali awo aakulu, a Bee Choo, mayi wa lilime lakuthwa amene sanakwatiwe chifukwa, mwa kunena kwawo, mwamuna mmodzi wopusa m'nyumba anali wokwanira. Atatuwa ankagona pamwamba pa shopu, ndipo denga la pamenepo linkadontha ndendende pabedi la Gaik Lean. Mtsikanayo anakula akugona chopinda miyendo, beseni lofiira la maluwa lili kumapazi, madzi akulira tho, tho, mpaka kucha.

"Ababa," anatero tsiku lina ali ndi zaka khumi ndi zisanu, akukhuthula besenilo mungalande, "kodi kuti inu mumumangire munthu denga labwino, mpaka ayambe wafa?"

"Lavula!" anakuwa a Bee Choo. "Lavula msanga, kamwa loipa iwe! Ndipo iwe Boon, wamva? Mwana akukuchititsa manyazi."

"Mvula ikatha ndikwera," anatero a Khor osadzutsa mutu.

Mvula ikatha ankati akwerere chiyani poti sikukudontha. Zengerezu analinda kwawukwawu. Gaik Lean anakula, nakwatiwa ndi Kean Hock, mnyamata wofatsa wokonza njinga zamoto, ndipo pochoka anasiya besenilo pamalo pake. Anati walisiyira bambo ake kuti azimukumbukira mvula ikamagwa. Onse anaseka.

Gaik Lean anamwalira ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, ndi chotupa cha m'mimba chimene chinamudya miyezi isanu ndi itatu. Pamwambo wawo, imvi siziperekeza tsitsi lakuda. Kholo silipita kumanda kwa mwana wake, silimugwadira, silimuyatsira lubani. Chimene limachita n'kutenga ndodo n'kumenya bokosi katatu, kumudzudzula chifukwa chotsogola akulu akadali moyo. A Khor anapatsidwa ndodoyo, koma anangogunda pang'onopang'ono, monga mmene ankagogodera chitseko chake m'mawa pomudzutsa kuti apite kusukulu. Kenako anaima pakhomo la shopu n'kuona galimoto ya maliro ikukhota pangodya. Chisoni chawo chinalibe kolowera, pakuti mwambo sunawasiyire chochita chilichonse.

Patapita masiku angapo Kean Hock anabwera, chipewa cha njinga chili m'manja.

"Bambo, za nyumba ija," anatero akuyang'ana pansi. "Ndimati ndikaitanitse kwa a Cheah, kuti inu musavutike mtima."

"Kwa Cheah? Uja amamata makoma ndi malovu?" A Khor anaimirira. "Mwana wanga akagone m'nyumba ya Cheah ine ndili moyo? Kuyatsa ndiko ndaletsedwa, mkamwini. Kumanga ndi ntchito yanga."

Anabweza maoda ena onse. Nyumba imene anamanga inali yoti anthu odutsa ankaima n'kuiwala kumene amapita. Inali ya nsanjika ziwiri, ya khonde lozungulira, khitchini yaikulu pakuti Gaik Lean ankakonda kuphika, ndi chipinda chogona chakum'mawa chokhala ndi bedi lalitali loti munthu atambasule miyendo. Makoma anawapaka kawiri monga mwa lamulo, ndipo akawagunda ndi chikhadabo ankalira bwino.

Atafika padenga anapakanso kawiri, nayanika. Masana amenewo mvula inagwa, ndipo kuchokera pamwamba pa shopu anamva beseni lija likulira tho, tho. Anakhala nthawi yaitali bulashi ili m'manja. Kenako anamata pepala lina, napaka kachitatu. M'mawa mwake anaona ngati likuonekerabe kuwala, ndiye anaikapo katoni. Tsiku lotsatira anaphika phala lina lija limene ankalimbitsira mitu ya mikango ya mapepala yovinira pachaka chatsopano, losakaniza ndi njereza, loti mutu uvinidwe zaka khumi osaphwanyika. Anamata, napaka, namatanso, mpaka kasanu ndi kawiri.

A Bee Choo anabwera ndi khofi, nagogoda dengalo ndi chala. Linalira ngati thabwa.

"Boon, ili ndi denga kapena chitseko cha ndende? Lamulo lako la kawiri lija lapita kuti?"

"Achemwali, mpunga wanu ukupserera."

"Sindinateleke mpunga ine."

"Ndiye katelekeni."

A Bee Choo anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma pamwamba beseni linaliranso, ndipo nawonso analimva. Kwa nthawi yoyamba pamoyo wawo anameza mawu. Anaika khofiyo patebulo n'kubwerera kukhitchini, ndipo pambuyo pake ankati tsiku limenelo ndilo limene analakwira mlongo wawo koposa masiku onse amene anamukalipira.

Tsiku lowotcha, lole inabwera kudzanyamula nyumbayo dzuwa litapendeka. Anyamata anayi anabuula pokweza, wina n'kufunsa ngati munali njerwa. A Bee Choo anapita nawo. A Khor anatsala m'shopu, atakhala pampando wawo, akusenda nsungwi zimene sankazifuna. Kumwamba kunayamba kuda cha kunyanja.

Pasanathe ola anamva njinga yamoto ikuima pakhomo. Anali Kean Hock, nkhope yakuda ndi mwaye, maso ofiira.

"Bambo, denga lakana."

"Lakana bwanji?"

"Makoma apsa, bedi lapsa, antchito apita, zonse zapita bwinobwino. Koma denga langogwa lathunthu paphulusa. Langoda, likufuka utsi basi. Taunjikapo mapepala, apsa okha. Ndimati ndilitokose ndi mtengo, wansembe wandigwira dzanja, akuti chotokosa chimakafika chophwanyika." Anapukuta mwaye kumaso. "Ndipo mvula ikubwera, bambo. Ali m'nyumba yopanda denga."

A Khor anadziwa pomwepo chimene anachita, ndipo manyazi anawagwira pamodzi ndi mantha. Zaka makumi anayi akuphunzitsa anthu za kawiri, n'kudzalakwira mwana wawo yemwe. Koma madzi akatayika sawoleka. Anatenga mpeni wawo wosendera nsungwi, nakwera kumbuyo kwa njingayo.

Pabwalo la kachisi anthu atawaona anapatuka, ena akung'ung'udza. Mayi wina anati imvi zikufuna chiyani pano. A Bee Choo anamuyang'ana kamodzi kokha, mayiyo n'kukhala chete. Dengalo linali pakati pa bwalo, lakuda bii, lathunthu, matailosi ake onse akuonekabe mmene anawadulira. Pansi pake makala ankazima chifukwa chosowa mpweya.

"A Khor," anatero wansembe, munthu amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri, "simuyenera kukhala pano, mukudziwa. Ndipo mukaliboola, likafika loboola."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukufuna kutani?"

"Loboola mwana wanga analizolowera," anatero a Khor. "Nyumba yopanda denga ndiye ayi."

Wansembe anayang'ana kumwamba, nayang'ana nkhalambayo, kenako anatembenuka n'kuyamba kukonza zinthu paguwa ngati sakuona kanthu.

A Khor anaponda paphulusa lotentha, nagwada bondo limodzi. Ankalidziwa dengalo ngati chikhato chawo. Anabaya mpeni pamwamba pa khitchini, nazunguliza movutika, pakuti chimene analimbitsa okha chinkawakaniza. Anaboola pakhonde, pamakwerero, pabalaza pawiri. Mabowo asanu. Kum'mawa, pamwamba pa chipinda chogona, sanakhudzepo. Mpweya utalowa, moto unatulukira m'mabowomo n'kuwanyambita dzanja, ndipo Kean Hock anawakokera kumbuyo malaya atayamba kufuka.

Dengalo linapsa kuyambira kumadzulo. Chigawo cha pachipinda chinachedwa, chikungofiira m'mphepete, ndipo madontho oyamba a mvula anayamba kulira paphulusa. A Khor anaima chilili, dzanja lopsa lili pachifuwa, mpaka chigawocho chinapindika, chinayaka chonse, n'kugwa. Mvula yeniyeni inafika anthu akuthawira m'khonde la kachisi. Apo ndi pamene analira, mokweza, pamaso pa anthu, ndipo achemwali awo anawafunditsa ambulera.

M'mawa mwake a Bee Choo potsika anapeza mphika wakuda uli kale pamoto. A Khor ankatakasa ndi dzanja lamanzere, lamanja litakulungidwa nsanza. Beseni lofiira lija anali atalitsitsa n'kulivundikira patebulo, ndipo ankamatapo pepala kuti atenge maonekedwe ake.

"Ndiye chiyaninso ichi, Boon? Dzanja limenelo ukufuna lidulidwe?"

A Khor anapitiriza kumata. Anagwira ntchitoyo masiku atatu, chifukwa kunja kunali chinyezi ndipo pepala linkachedwa kuuma. Anapanga mabeseni asanu, ofiira, a maluwa oyera m'mbali, opepuka oti mphepo ikanatha kuwaulutsa. Lililonse analipaka kawiri basi. Atauma anawalowetsana, nawapereka kwa achemwali awo.

"Mukamuwotchere awa," anatero. "Musavutike kumuuza poika. Amadziwa."