Goloboyi waulemu wa ku Springburn

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu pamene ndinakhala goloboyi waulemu kuposa onse amene anaimapo pagolo mu Scotland muno. Sindikudzitama ayi. Ulemuwo unatsala pang'ono kundimaliza.

Tinkakhala ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, ine ndi amayi anga omwe anali namwino, m'nyumba yosanja imene mphepo inkalowamo osagogoda. Thupi ndinali nalo. Ndinkatalika mofulumira moti thalauza logula Loweruka linkafika kutchalitchi Lamulungu litasanduka kabudula. Zimenezi ndi zoona, amayi a kumpingo kwathu alipo oti angachitire umboni. Koma anthu osaka osewera akabwera kudzandiona, onse ankachoka ndi mawu amodzimodzi: manja ali nawo, koma sanakhwime, akadali mwana.

Kochi wathu, a Hughie, anatopa nawo mawu amenewa. Atamva kuti kukubwera mayi wina wochokera kusukulu ya mpira imene inkatumiza anyamata kumakoleji a ku America, anaganiza zomuonetsa kuti ndine munthu wamkulu. Anandiika pagolo la timu ya azibambo, ija yosewera Loweruka masana: oyendetsa mabasi, omanga nyumba, ndi wina wokazinga nsomba ndi tchipisi. Malo a goloboyi kusukuluko anali amodzi okha, ndipo chaka chotsatira ndikanakhala nditapitirira msinkhu wolowera. Mayiyo akanapukusa mutu, basi, nkhani yatha.

Chimene a Hughie sankadziwa n'chakuti kwathu mwana sakuwira wamkulu. Ukamalankhula ndi bambo, maso pansi, mawu pansi, manja kumbuyo. Pamene goloboyi ndiye amaona bwalo lonse, ndipo theka la ntchito yake ndi pakamwa. Tsono wotchinga patsogolo panga anali a Tam, bambo amene ndevu zawo zokha zinali zazikulu kwa ine ndi zaka zingapo.

Kona yoyamba itabwera, ndinaona mdani ataima yekhayekha kumbuyo kwawo. Ndinasendera pafupi, ndinatsokomola pang'ono monga timachitira pakhomo pa eni ake, n'kunena m'Chingerezi changa cha Lamulungu kuti, "Pepani a Tam, ngati sindikukuvutitsani, mungatembenukeko?" Wogoletsayo anapeza nthawi yokondwera, kupsompsona jezi ndi kubwerera pakati, ine ndisanamalize chiganizo.

Chigoli chachiwiri chinali choipa kuposa pamenepa. Mpira wam'mwamba, wanga weniweni, koma a Tam nawo analumpha. Kodi mwana angalande chinthu chimene wamkulu wachitambasulira kale khosi? Ndinawasiyira. Anaugunda ndi khutu, n'kulowa m'golo lathu lomwe.

"Mwanawe," anatero a Tam akupukuta khutulo, "ukudikira basi pamenepo?"

Nthawi yopuma itakwana, ndinaona mayi wosaka osewera uja akuyang'anayang'ana kumene anaimika galimoto. Ndipo kumpanda, pamvula, panali amayi anga, atangoweruka kuchipatala, yunifolomu ikuonekera pansi pa jekete. Anandikodola ndi chala chimodzi.

"Yamikani, pakamwa wasiya kunyumba?"

"Amayi, ajatu ndi akuluakulu."

"Akuluakulu ndawaona. Zigoli ziwiri ndazionanso."

"Koma inu munati..."

"Ndinati uziwapatsa mpando m'basi. Sindinati uziwapatsa mpira. Iwe, kuwodi nkhalamba ikamatsetsereka pabedi, ukuganiza kuti ndimayamba ndi odi? Ndimakuwa, anzanga n'kuthamanga, tiyi ndimawapangira pambuyo pake. Pita ukawakalipire azibambowo. Kupepesa ukapepesa mpira ukatha."

Ndinabwerera pagolo. Posakhalitsa mdani yemwe uja anazembanso kumbuyo kwa a Tam. Ndinakoka mpweya wonse wa ku Springburn, n'kukuwa dzina lawo lokhalokha, lopanda ulemu uliwonse patsogolo: "Tam! Kumanzere!"

Ndikulumbira, nkhunda za pasiteshoni ya sitima zinauluka tsiku limenelo ndipo zina sizinabwererebe. Mvula inayamba yaima kuti imve bwino. Msuweni wanga kutali ku Easterhouse, ali pasofa, anangozindikira wasunthira kumanzere osadziwa chifukwa chake. Mukamufunse, sananamepo chibadwire.

Koma chodabwitsa kuposa zonsezi n'chakuti a Tam anamvera. Anatembenuka, anauchotsa mpirawo ndi mutu, osacheuka n'komwe kuti aone mwana wamwanoyo. Ndinadikira mphenzi kuchokera kumwamba, koma sinabwere. Kuyambira pamenepo ndinawakonza azibambo onsewo ngati mipando ya m'holo. Woyendetsa basi ndinamuuza poima. Wokazinga nsomba ndinamuuza kuti asiye kuyang'ana mitambo. Mpira wam'mwamba utabweranso, ndinakuwa kuti ndi wanga, ndipo ndinautenga pamodzi ndi a Tam omwe, tonse n'kugwera m'matope. Anadzuka matope ali thoo m'ndevu, akuseka mano onse pamtunda.

"Eya! Tsopano wabadwa!"

Palibe china chinalowanso. Anzathu akutsogolo anabweza ziwiri zija n'kuwonjezerapo chimodzi, ndipo mayi uja galimoto yake anaiiwala. Anabwera pagolo n'kundiuza kuti m'chigawo choyamba anaona mwana wamtali chabe, koma wa m'chigawo chachiwiriyu akumufuna Lolemba. Ndinathokoza ndi manja awiri. Kenako ndinapita kwa a Tam kukapepesa monga ndinalamulidwira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ndikadzayerekeza kuwapepesanso adzandiponya mumtsinje wa Clyde.

Ku America ndinapitadi. Nditamaliza koleji, inafika nyengo imene matimu akuluakulu amasankha osewera ochokera m'makoleji, ndipo nkhani inatembenuka. Akuti ndakula. Panali anyamata ang'onoang'ono amene matimu ankawalimbirana poti akadali ndi zaka zambiri zoti akule nazo, pamene ine ankandiyang'ana ngati galimoto yoyendapo kale. Ine yemwe uja ndinali wamng'ono kwambiri, tsopano ndinali wamkulu kwambiri. Tsiku limene ndinali wa msinkhu woyenera sindinalione, mwina linadutsa ndili m'bafa. Komabe timu ina inanditenga. Kochi wake anandiuza kuti manja abwino anawaona ambiri chaka chimenecho, koma iye ankafuna munthu woti akatsegula pakamwa, azibambo odya malipiro aakulu asunthe.

Zaka n'zosavuta kuwerenga, n'chifukwa chake osankha osewera amazikonda. Koma ine ndinazindikira kuti kukhwima sikubwera ndi tsiku lobadwa. Kumabwera pamene wavomera kuti chigoli chikalowa ndi chako, ndiye ulankhule chisanalowe, ngakhale wouzidwayo ali ndi imvi. Masiku ano ndinabwerera ku Glasgow, ndimaphunzitsa ana mpira ku Partick. Sabata yatha kamtsikana kena kapagolo, kosafika n'komwe m'chiuno mwanga, kanandikuwira kuti ndichoke, ndikukatchinga maso. Ndinachoka mothamanga. Kameneko musakaiwale, kadzafika patali.