Singano ya a Earline

Ndinawaona koyamba m'mawa wina wa chisanu mu 1987, ataima pakhomo la chipinda chathu chosokeramo, chikwama chachikopa atachifumbatira pachifuwa ngati pali wofuna kuwalanda. Anali a Earline Tubbs, mayi wamtali wa mawu okhuthala, wondiposa ine ndi zaka khumi ndi chimodzi. Fakitale yosoka makhoti a mvula ku Baltimore, kumene anagwirako ntchito chiyambire utsikana wawo, inali itatsekedwa, ndipo anabwera kwathu kulabotale atamva kuti kukufunika atelala. M'chikwamamo munali sizasi ndi singano zawozawo. Kapitawo wathu, a Delbert Pruitt, anawauza kuti zimenezo zitsale panja, muno amalowa munthu yekha atavala mkanjo woyera, chisoti ndi magolovesi. A Earline anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa ngati manja akuloledwa kulowa kapena nawonso atsale m'chikwama.

Ntchito yathu inali yosoka mabulangete ofunditsa zombo zopita kuthambo. Ine ndinkadula, iwo ankasoka. Bulangete limodzi linkakhala ndi timapepala topyapyala khumi ndi tisanu n'titatu tosanjikizana, kunja kwake konyezimira ngati golide, ndipo ukalikoka mwaphuma linkang'ambika ngati khoko la anyezi. Kumene makina sankafika, m'ngodya ndi mozungulira mawaya, a Earline ankasoka pamanja ndi singano yokhota. Ankasoka akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi kwawo, ndipo ndikadula mokhota ankanditcha mmisiri wodulira nsalu ndi mano.

Panali lamulo limodzi limene sitinkaseka nalo. Singano iliyonse inkatengedwa m'mawa pa kamtsamiro kolembedwa manambala, madzulo n'kubwezedwa pa nambala yake. Kachitsulo kotsalira m'bulangete kakhoza kuboola timapepalato, kukakhudza waya, chombo n'kufera kutali kosafika dzanja la munthu.

Mu 2005 tinkafunditsa chombo chopita ku Pluto, kadziko kakang'ono kozizira kumalekezero kwenikweni kwa maiko ozungulira dzuwa. Ulendo wake unali wa zaka zisanu ndi zinayi ndi theka. A Earline ankati iwo adzakhala ataiwalika kumanda chisanafike, koma chisadzanene kuti chinachoka kwawo chosafunda. Tsiku limene anatsiriza bulangete la pansi pa chimbale cholankhulira ndi dziko lathu, tinapita kukabweza singano. Pa nambala seveni panali popanda kanthu.

Palibe anaona koma ine. A Earline anapita okha kwa a Pruitt kukadziulula. Tinafunafuna masiku atatu. Tinakwawa pansi ndi maginito, tinazula zitsulo za m'mabowo otulutsira mpweya, tinang'amba thumba la makina oyamwa fumbi n'kupeta fumbilo ngati ufa. Bulangetelo analichotsa n'kuliunika m'kati ndi makina, osapezamo kanthu. Akatswiri anasaina kuti singanoyo siili pa chombo, nkhani n'kutha. Kwa a Earline sinathe. Ankati tsikulo anakhudzanso mabulangete ena awiri, ndipo ngakhale akumbukire chotani sankaona pamene dzanja lawo linaisiya.

Chombo chinanyamuka mu Januwale, iwo n'kupuma pantchito mwezi wotsatira. Kuyambira pamenepo sanagwirenso singano. Mdzukulu wawo anabatizidwa atavala diresi logula kusitolo. Mikanjo ya kwaya itatha m'mphepete, abusa anabwera okha kudzapempha, koma anabwerera ndi mikanjo yawo. Mwana wawo Yvonne anayesa kuwanyengerera mpaka kutopa. Ine ndinawakalipirapo tsiku lina tikuswa nkhanu pakhonde pawo, kuti akudzilanga pa mlandu umene woweruza anauthetsa kale.

"Iwe Maxine, woweruza wakoyo wasokapo chiyani?" anandiyankha. "Ndili ndi ntchito imene sinafike kwa mwini wake. Ikafika ndiyamba ina."

Chombocho chinkagona nthawi yambiri ya ulendo, oyendetsa n'kumachidzutsa apo ndi apo kuti aone ngati chili bwino. Popeza ine ndinali ndidakali pantchito, foni yanga inkalira nthawi zonse zimenezo. A Earline sankayamba ndi moni. Ankangofunsa ngati mwana wathu wadzuka, ndikati wadzuka ankayamba kundifunsa za maondo anga.

Patatsala masiku khumi kuti chifike, chombo chinakhala duu kwa ola limodzi ndi mphindi zingapo. Nditamva ndinayendetsa galimoto kupita kwawo. Ndinawapeza atakhala pamasitepe masana onse dzuwa likuswa mtengo, manja ali pamiyendo, ana a m'nyumba zoyandikana akuwombetsa makombola a tsiku la ufulu. Anangoti, "Ndi ine ameneyo." Mawa lake kunamveka kuti kompyuta ya m'chombomo inalemedwa ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndipo zonse zinali kukonzedwa. Ndinkayesa asangalala. Iwo anati ndiye kuti singano yawo idakadikira tsiku lake.

Tsiku lodutsa pa Pluto, anatiitana tonse kuholo, pamodzi ndi opuma pantchito. Chombo chinakhala chete tsiku lathunthu monga chinalamulidwira, chifukwa chinali chotanganidwa ndi kujambula ndipo sichikanatha kutembenukira kuno. A Earline anavala chipewa chawo cha Pasaka, ndipo sanadye ngakhale kachidutswa ka keke. Madzulo uthenga unafika kuti chadutsa chamoyo. Anthu anaimirira, kukupiza timbendera, ena kulira. Iwo anakhalabe pampando n'kundikoka mkono kuti ndikafunse chinthu chimodzi chokha, kutentha kwa m'kati mwake. Ndinabwera ndi yankho lakuti m'katimo muli ngati m'chipinda chochezera. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, navula chipewa, n'kunena kuti akufuna keke ija.

Sanabwerere kusoka monga kale, chifukwa maso anali atayamba kuchita nkhungu ndipo zala zinali zitapindika ndi nyamakazi. Anakonzako mikanjo iwiri ya kwaya, wachitatu unawakanika. Chithunzi cha Pluto chimene ndinawapatsa anachimata pafiriji pakati pa zithunzi za adzukulu, ndipo ankauza alendo kuti kadzikoko sikokongola kwenikweni, koma anthu anavutikira.

Chaka chawo chomaliza ankakhala kwa Yvonne. Ndinakawaona Loweruka lina masana mvula ikuwaza, ndipo pondikumbatira dzanja lawo linagwira batani la khoti langa likulendewera ndi kaulusi kamodzi.

"Zaka zonsezi ukuyendabe ngati mwana wamasiye. Vula," anatero.

Ndinawalowetsera ulusi ine, chifukwa kabowo sankakaona. Batani limodzilo linawatengera pafupifupi ola, akulifufuza ndi nsonga za zala, akung'ung'udza chapansipansi. Linakhala mopendekeka pang'ono, koma mpaka lero silinasunthe. Podula ulusi ndi mano, singano inawapulumuka n'kugwera m'kapeti. Ndinagwada msanga ndi maondo angawa, n'kuyamba kupapasa pansi pa mpando.

"Dzuka apo, achemwali, ungalephere kuimirira ndiye ndikunyamule ndine," anatero. "Isiye, Yvonne aipeza posesa. Khofi akuzizira."