Tulo ta Mayi Hajara pa Lole ya Chipani

Ku Chipoka, m'zaka zija za chipani chimodzi, mwamuna akafuna kudzudzula mkazi wake ankangotchula Mayi Hajara. "Taona a Hajara, unayamba wawaona atagona?" Zoonadi panalibe amene anawaonapo. Anthu ankakamba za kusagonako ngati mphatso yobadwa nayo, chonsecho maso a mayiwo ankakhala ofiira ngati a munthu wophikira nkhuni zaziwisi.

Amuna awo, a Abbas, anali msodzi wa usipa. Usipa amaugwira usiku ndi nyali, choncho bambowo ankafika pagombe kukucha, n'kutsitsa nsomba, n'kuswali monga Msilamu, n'kukadziponya pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Tulo tawo tinali tolemekezeka pakhomo ponse. Ana ankayenda monyang'ama, nkhuku zinkapirikitsidwira kuseri, ngakhale mlendo ankauzidwa kuti abwerenso madzulo. Bambo agwira ntchito, asiyeni apume.

Koma usipawo sunkadziyanika wokha. Unkafunika kuufutsa, kuumwaza pathandala, kuutembenuza, ndi kuulondera kuopa akhwangwala. Kudambo kunali mpunga umene mbalame zinkauyesa wawo. Pakhomo panali ana, komanso apongozi aakazi okalamba amene ankagona bwino lomwe masana, kenaka kukada n'kumaitana madzi akumwa mobwerezabwereza. Dzuwa likapendeka a Abbas ankadzuka ndi njala, kufuna chakudya ndi kamba wa panyanja, ndipo tambala asanalire a Hajara ankayenera kukhala atasonkha kale moto wofutsira nsomba za tsiku linalo. Nthawi yawo yogona inalipo ndithu, kungoti inali ngati chofunda choperewera: ukafunda kumutu, miyendo ili pamtunda.

Tsiku lina anayesako kupempha. "Bambo, mutuwu wandivuta. Ndikanagonako pang'ono."

A Abbas sanakwiye. Anangodabwa, kudabwa kwenikweni. "Kugona masana? Kodi inunso munapita kunyanja?"

Nkhani inathera pomwepo, ndipo mwina ikanatherathu pakanapanda Mayi Dailes, wapampando wa amayi a chipani m'deralo. Kuboma ku Salima kunali kubwera msonkhano waukulu, ndipo nthambi iliyonse inayenera kutumiza amayi okavina. Masiku amenewo kukana poyera kunalibe, koma amayi ochenjera ankadziwa pozembera: uyu mwana watentha thupi, uyo bondo latupa. A Hajara bodza sankalitha. A Abbas nawonso sanawaletse, poti mwamuna woletsa mkazi wake kukavina ankafunsidwa mafunso ovuta kuyankha. A Hajara anakwera lole ya chipani mtima uli pathandala.

Loleyo isanafike n'komwe pamsewu waukulu, iwo anali atagona, mutu atautsamiritsa pamsana pa mayi wina amene sankamudziwa n'dzina lomwe.

Ku Salima anawasunga pasukulu ina, ndipo kumeneko a Hajara anatulukira chinthu chimene palibe anawauzapo: ntchito yaikulu ya ovina ndi kudikira. Kudikira nsalu, kudikira a ng'oma, kudikira akuluakulu amene ankati akufika m'mawa n'kufika dzuwa litapendeka. Amayi ena ankang'ung'udza chapansipansi, akuyang'ana uku ndi uku kuti asamvedwe. A Hajara anayala chitenje pakona ya kalasi n'kugona. Panalibe khwangwala, panalibe apongozi, panalibe woitana dzina lawo. Atadzuka anamva chinachake chachilendo, ndipo zinawatengera kanthawi kuti achizindikire. Mutu sunkawawa. Zaka zonsezo ankayesa kuti mutu wa munthu wamkulu umangowawa basi. Anakhala tsonga n'kugwetsa misozi, ndipo amene anawaona anaganiza kuti asowa ana.

Kuyambira pamenepo, lole ikangoima pa Chipoka, woyamba kukwera ankakhala Mayi Hajara. Kuvina sankatha, tisanamizane. Phazi lawo linkatsalira ng'oma, ndipo nyimbo zambiri ankangozigwedezera milomo. Koma ulendo sanaphonyepo. Ku Lilongwe anapita, ku Kasungu anapita, ndipo ulendo ukatalika m'pamene nkhope yawo inkawala. Masaya anabwerera. A Abbas anaphunzira kutembenuza usipa, akung'ung'udza motsitsa mawu kuti oyandikana nawo asamve. Anthu a m'mudzi anapeza chowatamandira chatsopano: "Koma a Hajara amalikonda dziko lawo."

Kenaka kunamveka kuti akuluakulu adandaula. Magulu ankachuluka anthu koma kavinidwe kosalongosoka, ndiye nthambi iliyonse izitumiza okhawo odziwa. A Hajara mantha anawagwira kuposa tsiku limene bwato la amuna awo linachedwa ndi mphepo ya mwera. Ankadziwa bwino lomwe kuti akamachotsa osatha, dzina lawo ndilo lidzayambe. Ndiye anayamba kuyeserera okha kuseri kwa nyumba, kuponda uku akuwerengera ng'oma mumtima, kudya kanthawi kawo kogona kochepa komweko. Munthu kusiya tulo kuti aphunzire kuvina, n'cholinga choti akapeze pogona. Phazilo linakanabe.

Tsiku losankha, amayi anasonkhana pabwalo la mpira. Mayi Dailes anatchula ovina mmodzimmodzi, ndipo a Hajara sanatchulidwe. Anaweramitsa mutu, akuganiza za thandala, mpunga ndi mutu wowawa uja umene unkawadikira.

"Mayi Hajara, taimirirani," anatero Mayi Dailes. "Kavinidwe kanu tonse tikukadziwa, sitikambapo." Amayi anaseka. "Koma pano palibe amene wakhulupirika ngati inu. Mvula, dzuwa, inu mumakhala mutafika kale. Munthu wotere kumusiya kunyumba kungakhale kusayamika. Tagwirizana kuti muzipitabe, koma mwaulemu wake. Kuyambira lero ndinu woyang'anira gulu."

Nthungululu zinamveka. Mtima wa a Hajara unakhala pansi, mpaka anafuna kugwada. Mayi Dailes anawaveka wezulo m'khosi n'kuyamba kufotokoza udindowo. Pa lole aziima kumbuyo kuti wina asagwe ndi tulo. Pofika azisonkhera amayi moto wa madzi osamba. Ena akamapuma, iwo azilondera nsalu ndi zikwama, poti ulendo wathawu kunasowa mipango. Ndipo m'mawa uliwonse ndiwo azidzutsa gulu.

"Mukuti bwanji, amayi?"

Akanati bwanji? Udindo wa chipani sankaubweza. "Zikomo kwambiri pondiganizira," anayankha.

Ulendo wotsatira unali wautali kuposa onse, wa ku Blantyre, umene ankaulakalaka kuyambira kale. Anaima kumbuyo kwa lole njira yonse atagwira chitsulo, akuonerera mitu ya anzawo ikugwa umodziumodzi. Pasukulu imene anafikira anakhala pakhomo pa kalasi, zikwama zili pambali pawo, akumvetsera mkonono wa amayi a ku Chipoka. Ntchitoyo anaigwira bwino kwambiri. Sikunasowe ngakhale mpango, ndipo Mayi Dailes anawalonjeza kuti udindowo sadzapatsa wina.

Atabwerera anapeza a Abbas ali pathandala, dzuwa likuwatentha pankhongo. Bambowo anawalonjera mokondwa ndithu, n'kuwapatsa kamtengo kopirikitsira akhwangwala.

"Mwafika bwino, amayi. Inu mwakapumako kumeneko, ndiye pitirizani apa. Ine ndikagoneko pang'ono."