Khadi la Chakudya la Diriye

Diriye ankalima mapira m'mbali mwa mtsinje wa Shabelle, kufupi ndi tauni ya Beledweyne. Ku nkhondo ya ku Ogaden, kutsidya kwa malire, anapita akuimba. Anabwerako mu 1978 akutsimphina, pamodzi ndi anzake ogonja, ndipo panalibe mayi ndi mmodzi yemwe amene anawaimbira nthungululu.

Chaka chotsatira mapira anacha bwino, koma ogula kunalibe. Pamsika panadzaza chimanga ndi ufa zochokera ku msasa wa othawa nkhondo, zotsika mtengo ngati zotola. Mapira a Diriye anakhala m'matumba mpaka anankafumbwe analowamo. Shuga anasowa m'masitolo. Mkazi wake, Timiro, ankamuthirira tiyi wowawa.

Zonsezo akanapirira. Chimene chinkamudya mumtima anali Awale, mwamuna wa mlongo wake. Awale anabadwira m'tauni momwemo ndipo mfuti sanaigwirepo, koma anakalembetsa ku msasa ngati wothawa nkhondo, napatsidwa khadi la chakudya. Ankadutsa pakhomo pa Diriye atanyamula chigubu cha mafuta ophikira, masaya ali phuliphuli.

"Alamu, mukulimabe?" ankatero Awale. "Anankafumbwe akuyamikani kwambiri."

"Ena munathawa nkhondo musanaione n'komwe."

"Kuthawako ndiye kukudyetsa anthu masiku ano. Inu munamenya, anakupatsani chiyani? Kayendedwe katsopanoka?"

Tsiku lina Timiro anangoti, "Kwa Awale ana akukana nyemba, ati zawakola." M'mawa mwake Diriye anameza manyazi, napita kwa mlamu wakeyo kukafunsa mmene angapezere khadi.

Awale anamuuza kuti kalaliki wa ku msasa amafunsa ziwiri: chitsime chimene unkamwetsako ngamira kutsidya kwa malire, ndi mayina a makolo ako. Anamupatsa chitsime, namupatsanso makolo khumi ndi awiri a banja lina la kutsidyako.

"Ndipo anu enieniwo muwasiye kunyumba," anatero Awale, tsopano osaseka. Onse ankadziwa chifukwa chake. Nkhondo itatha, akuluakulu ena a asilikali anayesa kulanda boma ndipo anaomberedwa. Ambiri mwa iwo anali a fuko la bambo ake a Diriye.

Kwa sabata yathunthu Diriye ankabwereza makolo obwerekawo akupalira.

Ku msasa kalaliki anakhala pansi pa mtengo, pambali pake nkhalamba ina ya kutsidya yodziwa mafuko. Za chitsime Diriye anayankha bwino.

"Tchulani makolo anu, bambo," anatero kalaliki.

"Diriye, mwana wa Hashi, mwana wa Gedi, mwana wa Roble..."

Apo m'pamene anamuona Awale. Anali atakhala pamwamba pa matumba a ufa pakhomo pa nyumba yosungira chakudya, akuseka ndi woyang'anira nyumbayo, pamkono pake pakunyezimira wotchi. Wotchi! Diriye anaiyang'ana, nsanje itamugwira, koma pakamwa sipanaime. Panapitiriza pokha, monga bambo ake anamuphunzitsira ali ndi zaka zinayi, dzina ndi dzina, mosapunthwa, mpaka kholo lomaliza. Atamaliza m'pamene anaona kuti anthu onse pamzere akumuyang'ana.

"Mwanawe, watchula bwino ndithu," inatero nkhalamba ija. "Koma atatu oyambawo ndi athu, enawo ayi. Amenewo ndi a kwa anyamata anaomberedwa aja."

Kalaliki anatseka buku la makhadi. Anatenga pepala lina, nalembapo dzina la Diriye pang'onopang'ono.

Khadi sanalipeze. M'malo mwake anamuuza kuti azikaonekera ku polisi Lolemba lililonse, ulendo wa maola awiri wapansi. Anthu amene ankamwa naye tiyi anayamba kupeza zochita akamuona akubwera. Awale anasiyiratu kudutsa pakhomo pake, naletsanso mkazi wake kupitako; ankazungulira njira ya kuseri kwa minda.

Patapita miyezi iwiri kunamveka kuti Awale wagula bulu ndi ngolo. Diriye anati alibe nazo ntchito. Koma kumapeto kwa munda wake kunali chulu, ndipo munthu akakwera pamenepo njira ya kuseri ija imaoneka. Tsiku logawa chakudya anakwerapo movutikira, nakhala pamenepo mpaka ngoloyo inadutsa.

"Ndi wotani buluyo?" Timiro anafunsa atabwerako.

"Wokalamba," anatero Diriye. Anakhala pansi, nayang'ana kumbali. "Koma akukoka."