Chidede cha m'Kapu ya Jombo

Pa shelefu ya mayi, pakati pa Baibulo ndi botolo la mafuta odzola, pali kapu yofiira youmbidwa ngati jombo. Chogwirira chake chinathyoka kalekale. Masiku ano imasunga singano ndi mabatani, koma mlendo akangoinyamula, mayi amamuponyera diso lija limene limaimitsa ngakhale mwana wa eni ake.

Tinaipeza m'chisanu chathu choyamba ku London, ine ndili ku pulayimale. Tinkakhala ndi malume ku Thamesmead, m'fulati ya pamwamba, kumene mphepo ya kumtsinje inkalowa mpaka m'mafupa. Mayi ankasamalira okalamba uku akuphunzira unamwino. Ku Zomba anali munthu wa kwaya, woyimba ngakhale pokwecha mapoto. Kuno anangoti zii. Kuntchito aliyense, ndi kamtsikana komwe kongomaliza sukulu, ankawaitana ndi dzina lawo loyamba, lija limene ngakhale malemu bambo sankalitchula. Sutikesi inatsika pamwamba pa wadiropu n'kuyamba kudzaza pang'onopang'ono.

"Chaka chikangotembenuka, ine ndi mwanayu tikubwerera," anauza malume. Ine ndinamva, ndipo ndinalira. Ndinali nditapeza anzanga, ndinkaikonda sukulu, sindinkafuna kupita. Malume chinkawapweteka ndi unamwino umene ukanathera panjira.

Aphunzitsi ndi amene anatsegula njira mosadziwa. Anati aliyense akaone malo amene anthu amapembedzako, adzafotokoze m'kalasi. Malume anailumphira nkhaniyo. "Achemwali, mwana wapatsidwa homuweki. Mukufuna alephere?" Loweruka m'mawa mayi anamanga chitenje pamwamba pa chijasi, nkhope ili yokwinya, tinanyamuka.

Tinayambira ku tchalitchi chachikulu cha Akatolika pakati pa tauni. Munali mdima wofunda, fungo la lubani, ndi makandulo ambirimbiri akunjenjemera m'timagalasi. Malume anandigwira dzanja ndikuyatsa yanga. Kenako tinakwera sitima yapansi mpaka ku kachisi wa Ahindu, woyera mbee, wosemedwa maluwa kuyambira pansi mpaka kudenga. Tinavula nsapato, ndipo ndinachita manyazi ndi sokosi yanga yobooka, mpaka nditaona kuti ya malume inali ndi zibowo zoposa zanga. Mayi anayenda chowerama ngati akudutsa pakati pa akuluakulu. Malume atafunsa maganizo awo, anangoti, "N'zokongola." Mawu amodzi, basi.

Dzuwa la kuno limaweruka msanga, moti pofika kumsika wa Khirisimasi wa m'mbali mwa mtsinje magetsi anali atayaka kale. Timanyumba tamatabwa, utsi wa soseji, mtedza waukulu wowotcha wokoma ngati mbatata, zidole zozungulira zokha. Ine mutu unali balala ndi chisangalalo. Mayi ankangopumira m'manja, zala zitauma.

Ndiye anauona mphika uja. Waukulu, ukufuka nthunzi, madzi ofiira, malalanje akuyandama pamwamba.

"Achimwene, si chidede ichi?"

Kanali koyamba kumva mawu awo atakwera chifikireni. Kwathu masamba ofiira a chidede tinkawawiritsa n'kuthira shuga, ndipo mayi ankachikonda zedi. Malume anangotulutsa ndalama n'kuwagulira, m'kapu yofiira youmbidwa ngati jombo. Lero ndikudziwa kuti uja anali vinyo wowiritsa, ndipo malume, munthu wamatama uja, ankadziwa bwino lomwe. Mayi anga, amene thobwa likangoyamba kuwawasa ankalitaya! Sindikuwaikira kumbuyo malume, koma sindinawadzudzulepo. Nditapempha kulawa, anandikankhira chokoleti chotentha mwachangu: "Cha ana ndi ichi." Mayi anamwa mpaka kupendeketsa jombo. "Chawo n'chowawirako," anatero, "koma chafika."

Tinakwera basi ya ku Peckham kukagula ufa ndi matemba, n'kukhala pamwamba, mawindo atachita nthunzi. Kapu ili pamiyendo, mayi anayamba kung'ung'udza. Kenako anatsegula pakamwa: nyimbo ya Khirisimasi ya kwathu, m'Chichewa, mokweza ngati ali pa benchi ya kwaya. Anthu anatembenuka. Ine ndinafuna kulowa pansi pa mpando, ndinawanong'oneza m'Chingerezi kuti asiye. Malume anandiponda phazi.

Ndime yachiwiri isanayambe, kumbuyo kwathu kunatuluka mawu ena, okhuthala, akuthira alito. Anali a mzimayi wachikulire wa chipewa chobiriwira, amene pambuyo pake ndinkawatcha anti. Anayimba limodzi mpaka kumapeto, osayang'anana. Itatha, anti anasendera, n'kuwomba m'manja mwaulemu. Anati anabadwira pa famu ku Zimbabwe, koma bambo awo anali a ku Ntcheu. Chichewa chawo chinali chothira Chishona apa ndi apo. Dzina sanafunse. Anafunsa mfunda.

Mayi anayankha chapansipansi.

"A Nankhoma! Nanga mumabisala kuti masiku onsewa?"

Mayi anaseka, misozi ili chuchuchu, ndipo tinadutsa siteji yathu osazindikira. Ufa sitinagule tsiku limenelo.

Lamulungu tinali ku Tottenham, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo, kumene anti ankapemphera. Mipando ya pulasitiki, hita imodzi yolira, ng'oma, Amalawi, a ku Zambia ndi Chinyanja chawo cha m'tauni, ana akuyankha m'Chingerezi ngati ine. Anti anaimirira n'kulengeza kuti kwabwera a Nankhoma, ndipo amayi onse anabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni, akupinda bondo. Mayi sanakhale nafe. Anakakhala ndi kwaya, ndipo mawu awo ndinkawamva pamwamba pa onse. Ndinasangalala mpaka kuiwala kuti mapazi akundizizira.

M'kati mwa sabatalo zovala zinabwerera mu wadiropu, sutikesi n'kukweranso pamwamba. Malume anaulula za vinyo patapita zaka, pa phwando la mayi lomaliza unamwino. Mayi sanaphethire n'komwe. "Ine mowa sindinaulawepo. Chinali chidede." Mpaka lero akutero.

M'kalasi ndinafotokoza za makandulo, za sokosi, ndi za chakumwa chodabwitsa chimene chinachiritsa mayi anga. Aphunzitsi anatsokomola n'kuitana wina. Chisanu chonsecho ndinkavutitsa malume kuti tibwerere kumsika tikagule botolo lathunthu, loti tizisunga mayi akadzakhalanso chete. Ndinkaganiza kuti mankhwala anali m'jombo muja. Sindikanatha kumvetsa kuti munthu wamkulu, wokhala ndi ntchito, nyumba ndi mwana, angalongedze katundu chifukwa choti m'mzinda wonse waukuluwu munalibe womuitana kuti a Nankhoma.