Njinga yopanda katundu

Chizindikiro choyamba chinali befu. Ndinkachokera ku nyanja ya Amaramba ndi dengu la nsomba pa njinga, ntchito imene ndaigwira chibwerereni ku Malawi nkhondo itatha. Pa kachitunda kamene ndinkakwera osatsika, tsiku limenelo ndinatsika. Sindinauze munthu. Mvula itayamba mapazi anatupa, nsapato zinakana kulowa. Ndinkagona chokhala, chifukwa ndikagona chagada mpweya unkathawa.

Mng'ono wanga Saizi anali ndi vuto lomweli. Ana athu anatikweza shapa, minibasi ya kwathu kuno, tonse awiri kupita ku chipatala cha ku Cuamba. Tinakhala pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anatiyeza kuthamanga kwa magazi, natigoneka. M'mawa uliwonse namwino ankatikweza pa sikelo ndi kutipatsa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi. Ndiwo zinali zopanda mchere.

Potitulutsa, dotolo anati: "Mitima yanu yafooka, madala. Mankhwala musadumphitse. Katundu wolemera ayi, koma muziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Mukamva befu, pumulani. Ngakhale makoswe odwala mtima amene akatswiri amayeserapo, othamangitsidwa amalimba kuposa ongokhala."

Ndinamuyankha kuti ine si khoswe.

Kunyumba anatiyalira mphasa. Kwathu kuno wamkulu akadwala sanyamula ngakhale chikho, ndipo mwana womulekerera kuyenda amatchedwa wankhanza. Komanso nkhalamba yoyenda m'mawa chimanjamanja, popanda kolowera, anthu amaiyesa mfiti yochedwa kubwerera. Ndinayesa kamodzi. Pachitsime mayi wina atandiona anakokera mwana wake kumbuyo. Ndinabwerera, n'kugona.

Ndinagona mpaka chimanga kumasula. Miyendo inauma, ndipo kungopita kuseri kwa nyumba ndinkafika ndili wefuwefu. Ndinaona kuti mphasa ikundidya. Tsiku lina ndinatulutsa njinga, ndinamangapo dengu lopanda kanthu, ndinayamba kuikankha. Munthu wokankha njinga safunsidwa kumene akupita. Poyamba ndinkathera pa mtengo wa mango wa kumsewu. Kenako pa mjigo. Kenako kwa Saizi.

Ndinamuuza kuti atulutse njinga yake. Anaseka, nati: "Achimwene, mwakalamba n'kusanduka khoswe wa dotolo? Ine ndisiyeni pamphasa panga ndi ulemu wanga."

Ndinabwererako kangapo, yankho linali lomwelo. Mapiritsi atamuthera sanapitenso kukatenga ena. Mimba inatupa, mawu anachepa. Anamwalira nthawi yokolola. Sindinena kuti kuyenda kukanamupulumutsa, ine si dotolo. Ndikudziwa chabe kuti tinatuluka m'chipatala tsiku limodzi, ndi matenda amodzi. Pa maliro ake ndinayenda kumbuyo kwa chithatha mpaka kumanda osapumula. Tinabadwa asanu ndi mmodzi. Ndatsala ndekha.

Lero mapazi satupa, ndimagona chagada. Mtima sunabwerere mwakale, nsomba sindidzanyamulanso. Mankhwala ndimakatenga mwezi ndi mwezi. Njinga ndimaikankhabe, ngakhale mudzi wonse ukudziwa tsopano kuti m'dengumo mulibe kanthu.

Inu anzanga, mukaona befu pamalo pamene kale munkadutsa bwino, kapena mapazi atupa, pitani kuchipatala msanga. Musabise monga ndinabisira ine. Akakuuzani kuti muziyenda, yendani. Ngati manyazi akukuletsani, njinga ya Saizi ili pakhonde panga, ndi dengu lake lomwe. Bwerani mudzaitenge.